Pakhonde pa Senga Bay: zimene nyumba zakale zinkadziwa za dzuwa

Mwezi wa Okutobala ku Salima sufuna munthu wamakani. Ikamakwana 10 koloko m'mawa malata amayamba kuthetheka ngati wina akuwagenda ndi timiyala, nkhuku zimangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, ndipo ngakhale galu wolusa amasiya kuuwa. Ine ndinafika nthawi ngati imeneyo, Loweruka lina, achimwene anga atandiitana kuti ndikaone nyumba imene amanga kufupi ndi Senga Bay ndi ndalama zomwe anazivutikira zaka 6 ku Johannesburg.

Nyumbayo sinali yachilendo kwa ine. Kunena mosabisa, chithunzi chimene mmisiri anatsanzira ndinachipeza ndine pa intaneti n'kuwatumizira pa WhatsApp. Inali yamakono ndithu: denga lobisika kuseri kwa khoma, mawindo akuluakulu a galasi lakuda, matailosi onyezimira, ndipo pakhomo mizati iwiri yongokongoletsa. Khonde panalibe. Achimwene atachiona anayankha ndi timoto titatu, basi nkhani inathera pomwepo.

Nditalowa pabalaza ndinakhalapo mphindi zosakwana 10. Thukuta linayambira kumutu mpaka m'nsapato. Fani inkazungulira, koma ntchito yake inali kuchotsa mpweya wotentha pakona iyi n'kuupititsa pakona iyo. Alamu anandinong'oneza kuti chiyambire Seputembala banja lonse likugona panja pamkeka, neti atamangirira kumitengo. Agogo, omwe anawakonzera chipinda chawochawo cha bafa mkati, anali khale pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa.

"Agogo, bwanji osakapumako m'nyumba?" ndinawafunsa.

"Iwe, wandiyesa mbatata kuti ukandiwotche?" anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Nyumba yopanda khonde ndi mutu wadazi padzuwa."

Tonse tinaseka kupatula achimwene. Munthu amene wakhala zaka 6 akugona m'kachipinda ka lendi kudziko la eni, akudzimana kuti amange kwawo, nthabwala ngati imeneyi simukomera. Inenso kuseka kwanga kunali kwa pamwamba chabe, chifukwa chithunzi chija ndinatumiza ndine. Chakumasana ndinazemba n'kulowera kunyanja.

Nyumba yoyera kumapeto kwa msewu

Kwa amene simunafikeko, ulendo wake ndi wosavuta. Kuchokera ku Lilongwe mumagwira msewu wa M14, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudutsa pa Chezi ndi kumbali ya Mvera, kenako n'kuyamba kutsetsereka. Mukamatsika mumamva ndi khungu lomwe kuti mpweya wasintha. Pa Kamuzu Road mumapeza timagalimoto ta Sienta ndi akabaza, ndipo patsala makilomita 20 okha kuti muone madzi. Mumadutsa sukulu ya asilikali ya MAFCO, ogulitsa ziboliboli, mathandala a usipa, mpaka msewu wa tala kukathera pachipata cha hotela ya Sunbird Livingstonia Beach.

Ambiri a msinkhu wathu malowa timawadziwa chifukwa cha Sand Music Festival, chikondwerero chimene malemu Lucius Banda ndi anzawo ankachititsa pamchenga umenewu. Timafika usiku, kuvina mpaka kucha, kujambula ma selfie, n'kubwerera ku tauni maso ali psuu. Ndi ochepa amene amatembenuka n'kuyang'ana nyumba yoyera imene ili kumbuyo kwawo. Koma akuluakulu a kuno akamatchula malowa amati ku Grand Beach, chifukwa limenelo ndilo linali dzina la hotelayi m'nthawi ya atsamunda, dziko lino lidakali Nyasaland.

Chomwe chinakokera azungu kugombe limeneli ndi njanji. Sitima ya pamtunda yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo kwa zaka zoposa 40 njanjiyo inkathera pompano, mpaka pamene anailumikiza ndi Lilongwe mu 1979. Fodya ndi mtedza za kumtunda komanso thonje la m'chigwa chino zinkakwerera sitima ku Salima. Pamene pali sitima pamabwera amalonda, akalaliki ndi mabwana, ndipo mabwana akatopa amafuna popumira. Senga Bay, ndi mchenga wake woyera, miyala ikuluikulu ya m'phiri ndi chilumba cha Namalenje chili poteropo, anali malo oyandikira kwambiri.

Hotelayi yakonzedwa ndi kukuzidwa kangapo, monga ichitira hotela iliyonse, koma khalidwe lake lakale silinachoke: makoma oyera, mthunzi wa mitengo, ndi khonde loyang'ana kunyanja. Ndinagula botolo limodzi la chakumwa n'kukhala pamthunzi pamenepo pafupifupi maola awiri. Foni yanga inkaonetsa madigiri 36, omwe aja a kunyumba kwa achimwene, koma thupi linkakana kuti ndi zoona. Mwina munena kuti ndi mphepo ya panyanja. Inde, mphepo inalipo, koma kwa achimwene nakonso imafika. Kungoti imagunda galasi n'kubwerera. Apa m'pamene ndinayamba kudzifunsa kuti kamangidwe aka kanachokera kuti. Yankho lake lili kummwera, m'nyumba ziwiri zimene boma linaziika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo.

Mandala: nyumba ya zidina imene yaona zaka zoposa 140

Yoyamba ndi Mandala House ku Blantyre. Inamangidwa mu 1882 kuti muzikhala mamanejala a kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina lakuti Mandala anapereka ndi makolo athu poona magalasi a m'maso a John Moir akunyezimira padzuwa. Dzinalo linamatirira pa munthu, pa nyumba, pa kampani, mpaka pa dera lonse. Lero imadziwika kuti ndiyo nyumba yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zimene zidakaimirira m'Malawi muno.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba yosanja imeneyi anaimanga ndi dothi, njerwa zouma ndi dzuwa zimene kumudzi timati zidina. Tonse tikudziwa mmene chidina chimasungunukira mvula ikachipeza. Nanga iyi yakhala bwanji zaka zonsezi? Mukaima kutsogolo kwake yankho limaoneka lokha. Khonde lazungulira nyumbayo pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo denga latambalala kupitirira makoma. Mvula ya mkuntho imathera pakhonde, khoma osalikhudza. Dzuwa nalo limathera pomwepo.

Nyumbayi inalinso linga. Bwalo lake linali lotchingidwa, ndipo m'masiku a nkhondo za pakati pa Angoni ndi Ayao azungu a ku Blantyre ankathawiramo. Masiku ano pansi pake pamakhala malo ogulitsira zojambulajambula ndi omwera khofi, pamene m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society. Ndinakwerako kamodzi ndili pasukulu, kukafuna buku. Masitepe a matabwa ankalira pansi pa mapazi anga, ndipo ndimakumbukira kuti m'mwambamo munali mozizira bwino ngakhale panja dzuwa linali likuswa mtengo. Nthawi imeneyo sindinaganize n'komwe zofunsa chifukwa chake.

Masongola: nsanja ziwiri pansi pa phiri la Zomba

Yachiwiri ili ku Zomba, m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. M'mabuku imatchedwa Old Residency, koma anthu amaidziwa kuti Masongola. Anaimanga ndi John Buchanan, Msikotchi amene anabwera ndi amishoni a ku Blantyre kenako n'kuyamba ulimi wa khofi, ndipo ntchitoyo inayamba mu 1886 pomangira kazembe wa Britain, A.G.S. Hawes. Pamene Harry Johnston anadzakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891 anakhala m'nyumba imeneyi, ndipo kuyambira pamenepo Zomba anakhala likulu mpaka 1975. Munda wa zomera zosiyanasiyana umene uli kumunsi kwake unayambanso m'masiku a Johnston omwewo.

Masongola ili ndi nsanja ziwiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, zonse za madenga osongoka, ndipo dzina lake linachokera ku nsonga zimenezo. Nsanjazo zinali uthenga kwa aliyense wodutsa kuti mwini nyumba ino ndi wamphamvu. Koma pakati pa nsanja ziwirizo pali chinthu chomwe chija cha ku Mandala, khonde lalitali. Abwanamkubwa atasamukira ku State House ya ku Zomba, nyumbayi inasanduka malo ogona a boma, kenako Hotel Masongola.

Pali chinthu chimodzi chimene chimathandiza kumvetsa nyumba ziwirizi. Zonse zinamangidwa anthu asanadziwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Ronald Ross anatulukira zimenezi mu 1897 ali ku India. Izi zisanachitike azungu ankakhulupirira kuti matendawa amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo ngakhale dzina lawo la malungo linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. N'chifukwa chake ankathawira kumapiri, ankakweza maziko, ankagona m'chipinda cha m'mwamba, ndiponso ankafuna kuti mphepo izidutsa m'nyumba usana ndi usiku. Chifukwa chawo chinali cholakwika, koma nyumba zimene anamanga zinatuluka zopuma bwino.

Mantha a malungo omwewo ndi amene anachedwetsa azungu kukhazikika m'mbali mwa nyanja. Amishoni a Livingstonia, omwe dzina lawo lili pa hotela ya ku Senga Bay ija, anayambira ku Cape Maclear mu 1875. Imfa zitawachulukira anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo kumeneko nako zitakanika anakwera phiri la Khondowe mu 1894. Kumeneko Dr Robert Laws anamanga nyumba yake ya miyala, Stone House, mu 1903, yomwe lero ndi malo osungirako zinthu zakale. Pamene kamangidwe ka khonde kameneka kankatsikira ku gombe la Salima m'masiku a njanji, za udzudzu zinali zitadziwika, ndipo mawindo ndi makonde a nyumba zambiri za nthawiyo ankawatchinga ndi waya wa sefa.

Khonde ndi la ndani?

Mnzanga wina nditamutumizira zithunzi anandiyankha kuti, "Aise, ukutamanda nyumba za atsamunda?" Funsolo ndi loyenera, koma tiyeni tiyambe ndi khondelo. Angerezi kwawo sankamanga chotere, poti dziko lozizira limafuna dzuwa lilowe m'nyumba. Nyumba yofupika yozunguliridwa ndi khonde anakaiphunzira ku India, ndipo dzina limene amaitchula linachokera ku dera la Bengal. Atafika nayo kuno anapeza kuti makolo athu analinso ndi khonde lawo kalekale.

Taganizirani nyumba ya agogo anu kumudzi, kaya yozungulira kaya ya makona anayi, kaya ya mdindo kaya yophoma. Tsindwi la udzu limatsika kupitirira khoma, n'kukhala pa nsanamira zozungulira nyumba. Pansi pake pamakhala pokwera pang'ono, pozira bwino ndi dothi. Pamenepo ndi pamene amayi amasankhira nyemba, alendo amalandiriridwa, ana amachitira nthano, ndipo mvula ikabwera mbuzi zimabisalapo. Mlendo sankalowa m'nyumba msanga. Nkhani zambiri za banja zinkathera pakhonde. M'mbali mwa nyanja muno munalinso kamangidwe ka makona anayi komwe Ayao ndi Aswahili a kwa Jumbe ku Nkhotakota anabwera nako kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Choncho khonde la Mandala ndi khonde la agogo ndi pachibale. Onse ankalimbana ndi adani omwewo, dzuwa, mvula ndi chiswe.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Khoma limene lili pamthunzi silitenga moto. Khoma lochindikala limachedwetsa kutentha, kotero kuti kukamafika mkati kunja kwayamba kale kuzizira. Siling'i ikakhala patali mpweya wotentha umakwera n'kusiya anthu pansi, ndipo timabowo ta m'mwamba, tomwe amisiri amati maventi, timautulutsa. Mawindo oyang'anizana amapatsa mphepo polowera ndi potulukira. Njereza yoyera imabweza kuwala kwa dzuwa. Maziko okwera amatalikitsa chinyezi, komanso chiswe chikayamba kumanga njira zake pakhoma chimaonekera msanga. Zonsezi sizifuna mayunitsi a magetsi, ndipo magetsi akazima zimagwirabe ntchito.

Kuno ku Salima pali mwayi wina umene asodzi amaudziwa bwino. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, choncho mphepo imachokera kunyanja kupita kumtunda. Usiku zimatembenuka. Nyumba imene ili ndi zenera kum'mawa ndi lina kumadzulo imalandira mphepo imeneyi kawiri patsiku mwaulere. M'miyezi yozizira, mwera ukamawomba kuchokera kummwera, mumangotseka mbali imeneyo.

Manja amene mabuku sanawalembe

Tibwerere ku funso la mnzanga lija. Mabuku amati Buchanan anamanga Masongola, a Moir anamanga Mandala. Koma Buchanan sanaponde dothi yekha. Amene anakumba, kuponda, kuumba, kusenza njerwa ndi kucheka matabwa anali anthu akuda, ndipo mayina awo sanalembedwe pamwala uliwonse. Magalasi, misomali, maloko ndi malata zinkabwera pa sitima ya m'madzi mumtsinje wa Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo amtengatenga ankazisenza pamutu kukwera nazo phiri mpaka ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1890 kunabwera msonkho wa nyumba, ndipo anthu ambiri anakakamizika kukagwira ntchito kwa azungu kuti apeze ndalama yolipirira kanyumba kawo ka udzu. M'maesiteti munali thangata. Mthunzi wa pamakonde aja unali ndi mtengo wake, ndipo olipira sanali okhalapowo.

Nyumba zachitsamunda zimaulula zimenezi zokha mukazungulira kuseri. Kutsogolo kuli khonde lotakasuka; kumbuyo kuli khitchini yapayokha ndi tizipinda tating'ono ta antchito, tomwe mpaka lero timati boyizikota. Khitchini ankaipatula poopa moto ndi kutentha, komanso pofuna kuti wophika akhale patali ndi tebulo. Mwana wa sukulu atayenda kuchokera pakhonde la bwana kukafika m'kachipinda ka kuseriko, akhoza kumvetsa chitsamunda kuposa mmene angachimvere pa bolodi.

N'chifukwa chake ine sindivomereza kuti nyumba zimenezi zizingosiyidwa kuti zigwe. Zikagwa, chotsala ndi mabuku, ndipo m'mabukumo muli mayina a mabwana okhaokha. Ntchito ya agogo athu ili m'khomamo. Ngakhale matabwa ake ndi umboni: nyumba zambiri zakale za kummwera anagwiritsa ntchito mkungudza wa m'phiri la Mulanje chifukwa chiswe sichiukonda, ndipo mtengo umenewo, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Thabwa la mkungudza limene lili padenga la nyumba yakale likawola, kupeza lina lolowa m'malo mwake ndi nkhani yovuta.

Lamulo lilipo, koma chiswe sichiwerenga

Malawi ali ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act la 1990. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba, malo kapena chinthu china ndi chotetezedwa, ndipo zikatero palibe amene angachigwetse kapena kuchisintha popanda chilolezo, ngakhale mwini wake. Nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imayang'anira ntchitoyi. Mandala ndi Masongola zili m'gulu limeneli pamodzi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891.

Komatu pepala la boma sililetsa denga kudontha. Mukayang'ana nyumba zakale zimene zapulumuka, mupeza kuti pafupifupi zonse zili ndi ntchito: ina ndi laibulale, ina hotela, ina tchalitchi. Muli munthu amene amasesa m'mawa, amene amaona msanga lata likasomphoka kapena chiswe chikayamba kukwera. Nyumba yotsekedwa, ngakhale itetezedwe chotani, imatha mwakachetechete. Choncho botolo la chakumwa limene munthu wagula pamalo otere, kapena ndalama yolowera pakhomo, zimathandiza kugula utoto ndi misomali.

Ku Salima kuno nyumba imayesedwa kuposa kwina. Pa 10 Malichi 1989 kunachitika chivomerezi chimene chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Afunseni akuluakulu, aliyense amakumbukira pamene anali usiku umenewo. Nyanja nayo ili ndi nthawi zake. Inakwera kwambiri mu 1980, ndipo mu 2024 tonse tinaona pa Facebook zithunzi za malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwa nyanja madzi atalowa mpaka pa kauntala. Nyumba imene yadutsa m'mayeso onsewa n'kukhalabe chiimire ili ndi china chotiphunzitsa pa nkhani ya pomanga ndi kamangidwe.

Zilumba za Maleri, zomwe zili kummwera kwa Senga Bay, ndi gawo la Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Nsomba za m'miyala ya kumeneko zili ndi ozitchinjiriza. Kumtunda kuno zinthu zikuthamanga. Mukayenda m'mbali mwa gombe muona mipanda ya njerwa ikuphuka ngati bowa, ndipo nyumba yakale ikagulidwa nthawi zambiri choyamba kuchotsedwa ndi khonde, kuti papezeke chipinda china cholipiritsa. Sindikunena kuti chilichonse chakale chisungidwe. Koma tisanagwetse, bwanji osajambula, osayeza makoma, osafunsa agogo a pafupi kuti inamangidwa liti ndipo anaumba njerwa ndani? Foni imene timajambulira ma selfie ija ikhoza kugwira ntchito imeneyi, ndipo siidya bandulo yambiri.

Kubwerera kwa achimwene

Ndinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, ndipo ndinaona chimene m'mawa sindinachione. Mawindo aakulu aja anayang'ana kumsewu, kuti odutsa aziona kuti pano pamangidwa nyumba. Kumsewuko ndi kumadzulo. Kuyambira 1 koloko masana mpaka dzuwa kulowa, galasi lonse limamwa moto n'kuusunga m'nyumba, ndipo denga lobisika lija silipereka mthunzi ngakhale wa chikhatho. Kum'mawa, kumene mphepo ya kunyanja imachokera, kunali kawindo ka bafa basi. Chithunzi chimene ndinatola pa intaneti chinali cha nyumba ya dziko lina, ya anthu ofuna dzuwa, kapena a ndalama zoyatsira makina oziziritsa tsiku lonse.

"Achimwene, ndinakulakwirani ndi chithunzi chija," ndinatero titakhala pamkeka usiku.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana nyali za asodzi a usipa zomwe zinali ngati tauni ina pamadzi. "Iwe unangotumiza. Wovomera ndinali ine," anayankha. "Ndinkafuna anthu aone kuti ku Joni sindinapite kukasewera."

M'mawa mwake agogo anatuma mwana kukaitana bambo wina wachikulire wa m'mudzimo, mmisiri amene anasiya ntchito maso atayamba kuvuta. Anabwera ndi ndodo yake, opanda tepi, opanda pulani. Anazungulira nyumbayo kawiri, n'kuima kumadzulo, n'kugwira khoma ndi chikhatho ngati akuyeza mwana malungo.

"Nyumbayi ndi yolimba, mwanawe, usadandaule," anauza achimwene. "Bimu anaika bwino. Kungoti ilibe chipewa."

Malangizo awo anali anayi. Kumanga khonde kumadzulo konse, lotambalala mamita awiri, la malata ndi nsanamira wamba. Kuboola mawindo awiri kum'mawa moyang'anizana ndi a kumadzulo. Kuika maventi pamwamba pa makoma. Kuchotsa utoto wotuwa uja n'kupaka woyera. Anawonjezera kuti adzale mitengo iwiri ya nimu kutsogolo, koma patali ndi maziko. Ndinkamvetsera ndikuseka mumtima, chifukwa zonse zimene ananena ndi zomwe zili pa Mandala House, ndipo bamboyo anandiuza kuti ku Blantyre anangodutsako pa basi. Anaphunzira kwa amalume awo, omwenso anaphunzira kwa wina.

Vuto linali ndalama. Zimene achimwene anatsala nazo anasungira mpanda wa njerwa ndi geti yachitsulo, ndipo zonse ziwiri sizikanatheka. Alamu ankafuna mpanda chifukwa cha akuba ndi mbuzi za aneba. Achimwene ankaopa kuti anthu aziti nyumba yamakono yaipitsidwa ndi khonde la kumudzi. Kubwerera ku Johannesburg chaka china kuti apeze zonse ziwiri anakutchulako, koma atayang'ana ana awo sanapitirize. Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anagwirizana kuti mpanda ukhala wa bango kaye, khonde liyambe mvula isanagwe.

Mukadzapita ku Senga Bay, kaya ku chikondwerero kaya kukangosamba, dzapatuleni mphindi zochepa musanathamangire kumadzi. Dzayang'aneni nyumba zakale zimene mukuzidutsa: denga latuluka motalika bwanji kuchoka pakhoma, zenera layang'ana kuti, masitepe okwerera pakhonde ndi angati, kuseri kuli chiyani. Mukadzafika ku Blantyre kapena ku Zomba, Mandala ndi Masongola zili pafupi ndi msewu. Ndipo ngati muli ndi pulani ya nyumba m'foni mwanu, musanaitumize kwa mmisiri, kaimeni papuloti 3 koloko masana mwezi wa Okutobala n'kuona kumene dzuwa lili.

Ine ndinanyamuka Lolemba m'mawa. Ndikutsanzika ndinapeza agogo ataima kumadzulo kwa nyumba, pamene mmisiri uja anakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe. Ndi ndodo yawo ankalemba mzere pansi, pakona ya kumpoto.

"Apa m'pa mpando wanga," anatero. "Ukawauze achimwene akowo asadzaikepo maluwa."